Mbuzi Imodzi ndi Msana wa Achimwene Athu

Ife ndife ana asanu a mayi mmodzi, a ku Angónia. Tapempha danga m'kalata ino kuti tikufotokozereni zimene zinagwa pa banja lathu, pakuti pang'ono pokha tikadataya thandizo la mbale wathu ndi chala chathu chomwe.

Zaka zinayi zapitazo achimwene athu aakulu anakwera chapa ku Ulónguè kupita ku Tete, kukalondola ndalama za mbatata ya kachewere imene anagulitsa. Asanafike ku Moatize tayala lakutsogolo linaphulika, ndipo galimoto inagubuduzika. Anthu achifundo anawasolola pawindo, nawanyamula chowapinda kukawakweza pa lole. Ku chipatala adokotala anatiuza kuti fupa la msana linathyoka kunsi kwa chifuwa, nilifinya mtsempha waukulu umene umanyamula mauthenga ochokera ku ubongo. Kuyambira tsiku lomwelo miyendo yawo siimva kanthu, ndipo mkodzo umatuluka ndi kachubu. Anatiuzanso kuti munthu wopweteka msana ayenera kunyamulidwa atagona chowongoka pa thabwa kapena pa chitseko, mutu osagwedezeka. Ichi tinachidziwa mochedwa.

Patapita milungu itatu, abale a mwini galimoto anafika pakhomo ndi ulemu wonse. Anabweretsa mbuzi, matumba awiri a chimanga, ndalama pang'ono, ndi pepala lolembedwa m'Chipwitikizi loti alamu athu adindepo chala. Mitima yathu inafewa, pakuti chipepeso sichikanidwa kwathu kuno. Koma mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anapempha kuti ayambe waliwerenga. Atatha anati, "Ana anga, pepalali likunena kuti mwalandira zonse, ndipo simudzafunsanso kanthu kwa munthu aliyense. Mbuzi iyi idzatha mwezi uno, koma mbale wanu adzafuna womutembenuza moyo wake wonse. Chala musadinde."

Usiku umenewo sitinagone. Ena mwa ife anati Mkhristu sapita ndi mnzake ku bwalo la milandu, natikumbutsa 1 Akorinto 6, makamaka popeza mwini galimoto nayenso ndi munthu wopemphera. Tinapita kwa abusa ndi mtolo umenewu. Iwo anatitsegulira Eksodo 21:18-19, pamene chilamulo chimalamula kuti wopweteka mnzake alipire masiku amene wopwetekayo walephera kugwira ntchito, ndi kuonetsetsa kuti wachiritsidwa. Anatilangiza kuti tikhululuke ndi mtima wonse, tisafune kubwezera, ndipo tiyambe ndi kukambirana mwamtendere. Koma anati kukhululuka sikupatsa ife mphamvu yogawa chakudya cha ana a achimwene.

Mkulu uja anatiperekeza ku IPAJ, ofesi ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1994 kuti izithandiza mwaulere anthu osatha kulipira loya. Kumeneko tinamva zinthu zitatu zimene sitinkazidziwa. Choyamba, kuyambira ndi lamulo la mu 2003, galimoto iliyonse yoyenda pa misewu ya Mozambique iyenera kukhala ndi seguro, ndiye kuti inshuwalansi, yolipira anthu amene galimotoyo yawapweteka. Mwini wake amalipira ndalama ku kampani chifukwa cha tsiku ngati limeneli, tsono kufunsa chipukuta misozi sikulanda mbale m'manja mwa ana ake. Chachiwiri, ndime 503 ya Código Civil imaika udindo pa amene galimoto ili m'manja mwake naipindula nayo, ngakhale ngoziyo itachokera ku kuwonongeka kwa galimoto yeniyeniyo, monga kuphulika kwa tayala. Chachitatu, ndime 498 imapereka kawirikawiri zaka 3 zokha zodandaulira. Zikadutsa, khomo limatsekeka, ngakhale mlandu ukhale woona chotani.

Anatiuzanso kuti lamulo siliwerenga ndalama za ku chipatala zokha. Limawerenga phindu limene munthu wataya posagwira ntchito, zosowa za m'tsogolo zimene zikuoneka kale, ndiponso ululu wake. Pamenepo tinayamba kulemba m'kope chilichonse: njinga ya olumala, matiresi ofewa oteteza zilonda za pogona, machubu a mkodzo, mankhwala, ulendo uliwonse wa ku Tete, kukuza khomo la chimbudzi, ndi munda umene alamu athu anausiya kuti aziwatembenuza achimwene maola awiri alionse, usana ndi usiku. Tinasonkhanitsa lipoti la apolisi a pamsewu, nambala ya galimoto, kalata ya adokotala yofotokoza kukula kwa kulumala, malisiti, ndi maina a anthu awiri amene anali m'chapa momwemo.

Njira inali yaitali. Kampani ya seguro inayamba ndi kutchula ndalama yochepa, ndipo kawiri konse tinabwerera kumudzi titangouzidwa kuti tidzabwerenso. Mmodzi wa ife anagulitsa ng'ombe kuti tipeze zoyendera. Patatha zaka ziwiri ndipo nkhani itafika ku bwalo, tinagwirizana pa ndalama imene siifika pa zonse zolembedwa m'kope muja, koma yoposa kutalitali chipepeso choyamba chija. Achimwene sanayendenso. Ali ndi njinga yawo, ali ndi kagolosale pakhomo kamene amagulitsamo okha, ndipo ana awo atatu sanasiye sukulu. Mwini galimoto timapatsana naye moni, ndipo chaka chatha anadzakhala nafe pa maliro a mayi athu.

Chotero tikupemphani inu akulu a mpingo, atumiki, ndi amayi a chigwirizano amene mumayamba kufika pa khomo la wodwala: pamodzi ndi ufa ndi pemphero, funsaninso ngati apolisi analemba ngoziyo, ngati malisiti akusungidwa, ndiponso ngati pali pepala limene banja lauzidwa kuti lisayine. Ngati mumadziwa Chipwitikizi, liwerengeni mokweza pamaso pa onse, ndipo mulimasulire m'Chichewa mawu ndi mawu. Ife tinapulumuka chifukwa nkhalamba imodzi inapempha kuona pepala alamu athu asanadinde chala.

Ambuye akusungeni pa maulendo anu onse.