Musathamangire kugogoda catalytic converter

Abale anga amene mumayendetsa ma Sienta, ma Vitz ndi ma Note ochokera ku Japan, tiyeni tikambirane za chitsulo chotupa chija chili pa paipi ya ekizozi pansi pa galimoto, catalytic converter. Ine ndimakhala ku Leicester, ndipo zimandiwawa kuona kuti chinthu chimene kuno amachisamala, kwathu timachiyesa chopinga.

Mkati mwake muli dongo lowotcha la timabowo tambirimbiri ngati zisa za njuchi, lopakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Chikatentha, poizoni wambiri wa mu utsi amasinthika podutsa m'timabowomo asanatuluke panja. Wina mwa poizoniyo ndi carbon monoxide, yemwe uja amapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mawindo.

Kuno galimoto ikakwanitsa zaka zitatu imapita kukayezedwa ku MOT chaka ndi chaka, ndipo amayeza utsi kumapeto kwa ekizozi. Converter ikapezeka kuti inachotsedwa, galimoto yalephera. Kuyambira mu 2018, kagetsi kachikasu ka injini kakakhala koyaka pa dashibodi, yalepheranso. Ndiye kagetsiko kakangoyaka, munthu amapita ku galaja, makaniko n'kulumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero. Nambala imene imatuluka kawirikawiri ndi P0420. Tanthauzo lake n'lakuti masensa awiri a utsi, ina kutsogolo kwa converter ina kumbuyo, akuwerenga zinthu zofanana, pomwe ya kumbuyo imayenera kuona utsi wosefedwa kale.

Komatu P0420 si chiphaso cha imfa. Sensa yotopa imatha kuitulutsa, paipi yobooka pafupi ndi sensa nayonso chimodzimodzi. Apa magalaja ena akuno amandikhumudwitsa: akangoona nambalayo amaitanitsa chitsulo chatsopano, osafufuza chimene chinapha chakalecho. Pakapita miyezi, kagetsi kaja kayakanso.

Amakaniko athu kumudzi ndimawavulira chipewa pa nkhani ya khutu. Munthu amagona pa katoni pansi pa galimoto, n'kumenya converter ndi chibakera itazizira. Ikamveka ngati muli timiyala, amadziwa kuti dongo lija lasweka. Mukamuuza kuti galimoto siikukoka pokwera chitunda chochokera ku Chikwawa, ndiponso kuti kukutuluka fungo la dzira lowola, amamasula sensa ya kutsogolo kuti utsi upeze potulukira. Mphamvu zikabwerera, wadziwa kuti converter yatsekeka. Nzeru imeneyi ndi yeniyeni, ngakhale kuno ilipo.

Vuto ndi mankhwala amene timapereka. Amadula chitsulocho, n'kugogoda zam'kati ndi nsimbi mpaka zonse zitakhuthuka, kenako n'kuwotcherera chigoba chopanda kanthu. Galimoto imayambadi kukoka, mwini wake n'kulipira akusangalala. Koma converter siikonda kufa yokha, imachita kuphedwa. Pulagi kapena koyilo ikamalephera kuyatsa, petulo wosapsa amatsikira mu ekizozi n'kukayakira m'timabowo tija mpaka dongo kusungunuka. Injini yodya oyilo imamata timabowoto, madzi odutsa pa gasiketi yopsa nawonso amawononga. Mukagogoda converter osakonza zimenezi, matenda akadali mu injini, petulo akupitabe pachabe, ndipo kagetsi kaja kaziyaka mpaka kalekale moti tsiku lina vuto lalikulu likadzabwera simudzazindikira. Utsi wonsewo ukupita kumaso kwa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, akabaza amene ali kumbuyo kwanu pa mzere wa magalimoto, ndi ana oyenda wapansi kupita kusukulu.

Ndikudziwa kuti ndalama zikuvuta, ndipo converter yabwino si yotchipa. N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi zotchipazo. Sinthani mapulagi nthawi yake ikakwana. Kagetsi ka injini kakamaphethira m'malo mongoyaka, imani, chifukwa nthawi imeneyo converter ikupsa. Ikafadi, konzani kaye chimene chaipha, kenako ikani yogwirizana ndi injini yanu, ndi magasiketi atsopano, ndipo makaniko afufute nambala ija pa kompyuta kuti muone ngati ibwererenso. Mabawuti a pamenepo amakhala atadyedwa ndi dzimbiri, choncho musamuthamangitse.

Chinanso, yakaleyo ndi yanu, muziitenga. Ngakhale yakufa ili ndi mtengo chifukwa cha zitsulo zija. Kuno akuba amakwawira pansi pa Toyota Prius, Auris kapena Honda Jazz n'kuidula ndi sowo mwachangu, ndipo lamulo la 2013 limaletsa ogula zitsulo zakutha kulipira ndalama pamanja, kuti wogulitsa aliyense azidziwika. Makaniko akakuuzani kuti fumbi la m'kati mwa converter ndi zinyalala, muwapemphe mwaulemu akuikireni m'jumbo.

Inu amene mukudikira galimoto yochokera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, ikafika musangoyang'ana penti ndi mipando. Gwadani muone ekizozi. Mukapeza powotcherera patsopano mbali zonse za converter, kapena paipi yowongoka pamalo pake, funsani musanasainire kuti mwailandira.