Nkhono ya ku Durban ndi Nkhono za m'Dambo la Kwathu

M'mwezi wa September ndinanyamuka pa boma la Mzimba kulowa kumwera, njira ya ku Embangweni. Nyengo imeneyi udzu wauma, ndipo fumbi la mseu limafika munthu mpaka m'nsidze. Koma pali ponse pamene mseu unatsikira ku dambo tinaona zobiriwira: madimba a matimati, anyezi, mpiru ndi cimanga. Ng'ombe zinali komweko, pakuti kumtunda kunalibe msipu. Alimi othirira, amai ocapa, ana osambira ndi ng'ombe, onse anakumana pa madzi amodzi omwewo.

Embangweni ndi malo odziwika. Pamenepa pali mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser anayamba m'caka ca 1902, ndipo pali chalichi ca njerwa, sukulu ndi cipatala. Ine sindinagone pa mishoni, koma m'mudzi wina capafupi, kwa mkuru wina wa Cingoni. Kuno anthu amalankhula Citumbuka, koma mkuruyo anayenda maiko ali mnyamata, cotero tinamvana bwino. Mwana wao ali pa nchito ku Durban. Ici sicacilendo ai, pakuti m'dziko la Mzimba nyumba zambiri ziri ndi munthu ku Joni kuyambira masiku a Wenela.

Titatha kudya, ndinapeza kuti pakhomopo panali kamlandu. Mwana uja pobwera kudzaona makolo anatengera ana ace tizigoba tisanu ta nkhono tocokera ku nyanja ya mcere. Koma agogo ao aakazi analanda, natitsekera m'kacitini, nabisa ku denga. Anati kwa ine, "Inu alendo, a zaumoyo anatiuza kuti likodzo limacokera ku nkhono. Nanga ine ndilole adzukulu anga aziseweretsa nthenda?" Ndinati, "Amama, mwacita bwino kumvera a zaumoyo. Koma tatsitsani kacitiniko tione."

Nkhono zimenezi ndinazizindikira msanga. Ophunzira amazichula Nerita, dzina limene Linnaeus wa ku Sweden analemba m'caka ca 1758. Kukula kwace iri ngati nsonga ya cala cacikuru. Cigoba cace ndi cokhuthala, colimba ngati mwala, cooneka ngati dzira lodulidwa pakati, ca mawanga akuda ndi oyera, ndipo nsonga yace siioneka kweni kweni. Mukacitembenuza muona pakamwa ponga mwezi wa theka. Ku mbali yoongoka kuli malo osalala oyera, ndi timano tating'ono m'mphepete. Cimodzi mwa zisanuzo cinauma ndi citseko cace comwe: kamwala kopyapyala kotseka pakamwa ponse, kokhala ndi kacikhomo m'kati kamene kamakola kuseri kwa timano tija.

Citsekoci ciri ndi nchito yace. Nkhonoyi imakhala pa matanthwe a m'mbali mwa nyanja ya mcere, kumene madzi amakwera ndi kuphwa kawiri tsiku liri lonse. Madzi akaphwa, dzuwa limatentha thanthwe. Iyo imakakamira pamenepo, itasunga timadzi m'cigoba. Mbalame kapena nkhanu ikaigwetsa, imalowa m'kati ndi kutseka. Cakudya cace ndi ndere za pa mwala, zimene imapala ndi lilime la mizere ya timano, longa tupa, maka maka usiku. Pali yaimuna ndi yaikazi. Yaikazi imamata mazira ace pa mwala m'timatumba toyera tonga mbeu za citowe. Mutaiponya m'dambo la kuno singakhale moyo, ndipo likodzo siidziwana nalo.

Mkuru uja atamva kuti matanthwe amenewo ali m'mbali mwa dziko la Azulu anaseka kwambiri. Makolo a Angoni anacokera komweko, naoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835. Anati, "Tsono imeneyi ndi mbale wathu, yatilondola. Mai, mwatsekera mlendo ku denga!" Amai aja sanaseke. Anafunsa, "Nanga ya likodzoyo ndi iti?" Funso limeneli ndi labwino kopambana, ndipo yankho lace silinali m'nyumba. Tinapangana kuti m'mawa titsikire ku dambo.

Tinamanga sefa yakale ku nsonga ya nsungwi, tinatenga mbale yoyera ndi tizitsotso tiwiri topanira. Owerenga, ngati mufuna kuyesa zimenezi, citani comweco. Musapise dzanja m'madzi. Dziwe lace linali lacete, la udzu ndi masamba obvunda m'mbali, pomwe amatungapo madzi othirira matimati. Tinakokera sefa pansi pa udzu katatu kanai, ndipo m'mbale munagwa tinkhono tambiri, tonse tofiirira ngati matope, topanda kukongola kuli konse. Adzukulu aja, amene amasamba m'dziwelo tsiku ndi tsiku, anati sanationepo.

Polekanitsa nkhono za m'madzi, yambani ndi citseko. Ikhudzeni ndi kacitsotso. Ikalowa m'kati ndi kutseka pakamwa ndi kacibvundikiro, isiyeni, pakuti muno m'Afrika nkhono zonyamula likodzo ziribe citseko. Zoterezi ndi monga tija tatitali tosongoka ngati msomali wopota, timene timakwawa m'matope. Ikakhala yopanda citseko, igwireni ndi zitsotso, nsonga iloze kumwamba, pakamwa payang'ane kwa inu, ndipo muone kumene pakamwapo pagwera.

Yoyamba imene tinayesa, pakamwa panagwera kumanzere. Inali yobulungira, ya nsonga yobuntha, kukula ngati nzama. Imeneyi ndi Bulinus, ndipo ndiyo mwini wace wa likodzo la m'cikhodzodzo, lija lokodzetsa magazi. Si zonse za kumanzere zimene ziri ndi nthenda, koma mlimi alibe galasi loonera za m'kati, cotero aziyese zonse zoopsa. Mbusa wina anathamanga nabwera ndi cigoba cacikuru ngati dzira la nkhuku, naconso ca kumanzere, nati, "Nanga ici si ndiye cimai cace?" Iai. Imeneyo ndi Lanistes, ndipo ikakhala yamoyo iri ndi citseko. Kukula kwace kusakuopseni.

Yaciwiri inalibe nsonga konse. Inali yaphwatalala, yozungulira ngati nkhata yosenzera mtsuko, kukula ngati batani la malaya. Dzina lace ndi Biomphalaria. Iyi imanyamula likodzo la m'matumbo, limene anthu ambiri salidziwa cifukwa mkodzo sufiira. Munthu amangomva m'mimba, nthawi zina amatsegula za magazi, ndipo pakapita zaka ciwindi cimauma, kapamba amatupa, mimba nkudzala madzi. Ambiri otere amathera ndalama kwa oombeza.

Nkhono yokha siibala likodzo. Munthu ndiye amayamba. Wodwala akakodza kapena kucita cimbudzi m'madzi kapena pafupi nawo, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo timphutsi tace tiyenera kupeza nkhono tsiku lisanathe, apo ai timafa. M'thupi la nkhono timaswana kwa mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono, kenaka timaturuka tambirimbiri, maka maka dzuwa liri pamutu, nthawi yomwe ana amakonda kusamba. Timaboola khungu lopanda bala lomwe, ndi kukakulira m'mitsempha ya magazi. Nyongolotsi zimenezi anayamba kuziona Theodor Bilharz ku Cairo m'caka ca 1851, ndipo m'caka ca 1915 Robert Leiper anaonetsa ku Egypt komweko kuti mtundu uli wonse wa likodzo uli ndi nkhono yace yace.

Amai aja anafunsanso, "Dziweli limauma m'October zaka zina. Sizifa?" Zambiri zimafa, koma zina zimalowa m'matope ndi kudikira mvula. Ndiponso zimasiyana ndi ya ku Durban ija: nkhono imodzi iri ndi umuna ndi ukazi womwe, cotero imodzi yotsala ikhoza kudzazanso dziwe. N'cifukwa cace ine sindikhulupira kuti mudzi ungathe nkhono pozitola ndi manja, ngakhale kulambula udzu m'ngalande ndi m'mbali mwa zitsime za m'dimba kumazicepetsa ndithu.

Yacitatu ndiyo inaimitsa mkuru uja. Pakamwa pace panagwera kumanja, ndipo panali papakuru kuposa theka la cigoba. Nsonga inali yaing'ono yakuthwa, cigoba copyapyala cosweka ndi cala. Iyi ndi Lymnaea. Likodzo ilibe, koma imalera nyongolotsi zaphwatalala zonga tsamba zimene zimakhala m'ciwindi ca ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Timphutsi tace tikaturuka m'nkhono timamatirira ku udzu wa m'madzi, ndipo ng'ombe imadya pamodzi ndi udzuwo. Ng'ombe yotere imaonda ngakhale idye, ubweya umayalala, pansi pa cibwano pamatupa, mkaka umacepa, ndipo pa goli imatopa msanga. Mkuruyo anakhala cete, kenaka anati, "Ng'ombe imene tinapha pa maliro caka catha, ciwindi cace cinali ndi mitsempha yoyera yolimba, mpeni unkalira. Tinati ndi ukalamba." Sunali ukalamba.

Kwa Mngoni nkhani ya ng'ombe imalowa msanga kuposa ya mwana wokodza magazi, ndipo ici ndinanena pamaso pao, nabvomera ndi manyazi. Alipo ena amene amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Bodza limenelo. Mwana wotere magazi amamcepera, amagona m'kalasi, ndipo nthenda ikakhalitsa imaononga cikhodzodzo ndi impso. Kwa akazi imatha kupanga zironda m'njira ya cibelekero, mpaka m'banja kukayikirana popanda cifukwa. Mankhwala alipo, dzina lace praziquantel, akumwa tsiku limodzi munthu atadya. Amapezeka ku cipatala, ndipo nthawi zina a zaumoyo amafika nawo m'masukulu. Koma sateteza za mawa: wocira akabwerera m'dziwe lomwelo adzatenganso.

Tinakhala pa culu kukambirana zocita. Za cimbudzi panalibe kutsutsana. Mkuruyo anati adzakumba cina pafupi ndi madimba, kumtunda, pakuti munthu wothirira tsiku lonse sangathamangire kumudzi. Kusamba ndi kucapa, amai anati azicitira ku mjigo. Ndinawauzanso kuti madzi a pa dziwe akaikidwa m'ndowa masiku awiri athunthu, opanda nkhono m'katimo, timphutsi ta likodzo timafa ndipo akhoza kusamba. Koma akumwa aziphitsa ndithu. Wothirira abvale nsapato za mphira, kapena amange cidebe ku mtengo, azitunga ataima pouma.

Za ng'ombe ndizo zinabvuta. Ndinati afunse alangizi a ziweto za mankhwala akumwetsa, pakuti dibi limapha nkhupakupa, koma za m'ciwindi silizifika. Ici anabvomera. Koma nditati ng'ombe zisamadye m'zithaphwi, mkuruyo analoza kumtunda kouma mbee nati, "Mwana wanga, m'October zikadya ciani uko? Fumbi?" Ndinalibe yankho lokwanira. Tinangogwirizana kuti aseme mwaca womwera, azitungiramo madzi a pa citsime, ndipo abusa azipewa malo olowa matope pamene madzi aima, azidyetsa m'mbali mwa dambo mouma.

Tisanacoke tinakhuthula mbale ija pa thanthwe lotentha, kutali ndi madzi. Pofika kumudzi amai aja anatsegula kacitini, napatsa adzukulu tizigoba tinai. Ca citseko cija anasunga okha, kuti akaonetse anzao ku msonkhano wa amai. Pamene ndinamanga katundu wanga kuti ndikakwere galimoto ku Jenda, anali kufunsa ana mmodzi mmodzi kuseri kwa nkhokwe za maonekedwe a mkodzo wao. Awiri anabvomera, ndipo anapangana kuti Lolemba m'mamawa apita nawo ku cipatala.