Musanandituma wufa ku Joni, tamvani kaye izi

Abale anga a ku Thyolo, makamaka inu achinyamata a ku Makwasa, Conforzi, Satemwa ndi Naming'omba amene mwagula ma Sienta n'kumanyamula anthu pakati pa boma ndi Limbe, mauthenga anu ndikuwalandira. Onse ngofanana: "Achimwene, mutigulireko wufa ya 3000 watts, ndalama titumiza." Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yomangirira zoimbira m'galimoto, ndiye ndati ndiyankhe kamodzi pano aliyense adziwerengere, poti pafoni ndikayamba kufotokoza mumati ndikuzemba kugula.

Nambala yaikulu ya pakatoniyo ndi yokopera wogula basi. Yofunika ndi ina yaing'ono yolembedwa RMS, imene imanena mphamvu yomwe sipika ingapirire ikuimba osalekeza. Kaya ndi Pioneer, kaya Targa, kaya Starsound, ifunefuneni nambala imeneyo, nthawi zambiri mupeza kuti ndi mazana ochepa chabe. Kuno munthu akalowa m'shopu ku Mayfair kapena ku Fordsburg amayamba wafunsa RMS ndi ma ohm. Kwathu timayamba tafunsa kukula kwa maginito, kenako timainyamula m'manja kumva kulemera kwake. Gulani ampu imene RMS yake ikufanana kapena kuyandikana ndi ya wufa, zina zonse n'zokongoletsa.

Tsono pa ma ohm ndi pomwe ma ampu ambiri a kumudzi amapsera. Wothyola tiyi amadziwa dengu limene msana wake ungapirire, ndipo ampu nayo ili ndi pomwe imalekezera: ma ohm akamatsika, dengulo likulemera. Tinene kuti muli ndi mawufa awiri, iliyonse ya 4 ohm. Mukalumikiza pozitivi kwa pozitivi, negetivi kwa negetivi, zonse n'kupita ku ampu, imeneyo ndi parallel ndipo ampu ikuona 2 ohm. Mukatenga pozitivi ya ampu kupita ku pozitivi ya wufa yoyamba, negetivi ya yoyambayo kupita ku pozitivi ya yachiwiri, negetivi ya yachiwiri kubwerera ku ampu, imeneyo ndi series ndipo yakwana 8 ohm. Pa 8 ohm palibe chimapsa, kungoti mawu amachepa. Pa 2 ohm mpofunika kuwerenga kaye zolembedwa pa ampu.

Msampha uli apa. Ambiri kwathu amagula ampu ya ma channel awiri, n'kuiphatikiza kuti itulutse mphamvu yonse kumodzi, zimene timati bridge. Ma ampu ambiri otere akakhala pa bridge safuna kutsika kupyola 4 ohm. Munthu n'kudzaikapo mawufa awiri a parallel aja. Pochoka pa Limbe zikuimba bwinobwino, pofika pa Bvumbwe ampu yatentha yosakhudzika, kagetsi kofiira kayaka, zii. Akatero amati anamugulitsa feki. Ngati mukufuna 2 ohm, gulani monoblock yolembedwa kuti imapirira 2 ohm kapena 1 ohm.

Pali mawufa ena a makoyilo awiri, mudzawadziwa poona malo anayi omangirira waya m'malo mwa awiri. Yolembedwa 4 ohm pa koyilo iliyonse imakupatsani 2 ohm mukaphatikiza parallel, kapena 8 ohm pa series. Ziwiri zotere, makoyilo onse anayi pa parallel, ndi 1 ohm. Musasiye koyilo imodzi yosalumikiza n'kumayembekeza kuti wufa ipirira mphamvu yake yonse. Kuno palibe amene amamangirira ku ampu asanayeze ndi mita. Mita imaonetsa nambala yotsikirako pang'ono, ya 4 ohm imatha kuwerenga cha m'ma 3.5, musadabwe nazo. Kamita kameneka n'kotchipa kuposa ampu, koma sindinamvepo wina wa inu akundituma.

Waya ndiye nkhani ina imene imandiwawa. Ndikabwera kutchuthi ndimaona anthu atakoka waya wa m'nyumba wa 2.5 kuchokera ku batire mpaka kumbuyo. M'nyumba magetsi ndi 230 volts, ndiye waya woonda umakwanira. M'galimoto ndi 12, injini ikamalira amafika cha m'ma 14, choncho kuti ampu itulutse 500 watts RMS imakoka ma amp oposa 40. Pamenepo pamafunika waya wa 4 gauge, wonenepa ngati chala chaching'ono. Ampu yaing'ono, 8 gauge ikwana. Ndipo musaganize kuti zonse za ku Joni n'zabwino. Kuno kwadzaza waya wonenepa pulasitiki, m'kati muli aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba pokha. Palani ndi mpeni, mukaona kuyera m'kati dziwani kuti ndi umenewo, ndipo ngati mulibe wina tengani wokulirapo.

Fyuzi iikidwe pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Ntchito yake ndi kuteteza waya ndi galimoto, ampu ili ndi mafyuzi akeake. Misewu ya m'maesiteti mukuidziwa, ya ku Thekerani ndiye osanena: waya wodutsa pachitsulo popanda kalabala umakhulika pang'onopang'ono, tsiku lina n'kugunda bodi. Popanda fyuzi, umenewo ndi moto pansi pa mipando ya anthu. Chizolowezi chathu chokulunga fyuzi yakupsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu chisiyeni, fyuzi ikapsa fufuzani chaipsereza.

Ethi ikhale yaifupi, yonenepa mofanana ndi waya wa ku batire, yomangidwa pachitsulo cha bodi chopalidwa penti mpaka kuwala. Kuno tikamanga timangosiya, poti nyengo yozizira ya ku Gauteng ndi youma. Kwathu kuli chiperoni, chinyezi chimalowa paliponse, ndiye mukamanga pakani girisi pamwamba, apo ayi pakatha miyezi dzimbiri lagwira, ampu yayamba kuzimazima.

Pali vuto lina limene ana a kuno salidziwa n'komwe, chifukwa boma la South Africa sililola kuitanitsa wamba galimoto zakale za ku Japan. Kwathu ndi zomwe zadzaza. Wailesi yobwera ndi galimoto zotere imagwira FM kuyambira 76 mpaka 90, n'chifukwa chake masiteshoni ambiri simuwamva, komanso zambiri zilibe potulukira RCA kumbuyo. Musanagule ampu, zulani wailesiyo muone. Ngati mulibe RCA, funani ampu yolandira mawu kuchokera ku mawaya a masipika, kapena kabokosi kosinthira, kapena ingosinthani wailesi. Pokoka RCA muidutsitse mbali ina ya galimoto, waya wa batire mbali inanso, kuti musamamve kulira kwa injini m'masipika. Kawaya kabuluu ka remote ndi kamene kamadzutsa ampu. Ena amakalumikiza ku batire mwachindunji, ampu n'kuchezera usiku wonse ili moyaka, m'mawa n'kumadzutsa aneba a m'malaini kuti adzakankhe. Kamangeni ku wailesi, kapena pamalo pofika moto pokhapokha mukatembenuza kiyi.

Gain si voliyumu. Bwezani gain pansi, bass boost muzimitse, low pass muike cha pa 80 Hz. Kwezani wailesi kufika magawo atatu mwa anayi, kenako kwezani gain pang'onopang'ono mpaka mawu atayamba kusweka, mubwezeko pang'ono, basi osadzagwiranso. Yesani ndi nyimbo zimene mumaimbadi. Rege ya Black Missionaries imaipatsa wufa mpata wopuma, koma amapiano ndi gqom ya m'mataxi a ku Durban besi yake simalekeza, koyilo imatentha msanga. Mukamva fungo ngati la vanishi wopserera, tsitsani pomwepo.

Bokosi musandiuze kuti nditumize, kulipira transipota kuchoka kuno kudzera ku Beitbridge, Tete mpaka Mwanza chifukwa cha matabwa n'kutaya ndalama. Kuno timapangira MDF ya mamilimita 16 kapena 18, koma MDF ikamwa chinyezi imafufuma n'kuyamba kunyenyeka. Kwathu plywood yokhuthala yopakidwa penti ndiye yabwino, ndipo akalipentala a pa Luchenza kapena pa Bvumbwe angaipange bwino mukawapatsa miyeso ya pa pepala la wufa. Koyamba pangani lotseka konse, lopanda bowo, silivuta kupanga ngati la bowo. Mulimange ku bodi, kutsogolo kwake muike sefa yachitsulo, poti kumbuyo kwa Sienta kumakwera matumba a kabichi ndi mikoko ya nthochi. Wufa imodzi ya mainchesi 12 yomangidwa bwino ikukwanirani, awiriwo mudzasowa poika katundu wa anthu.

Pa kukonza zinthu ndiye kwathu timawaposa kutali. Kuno ampu ikapsa amakuuza kuti gula ina, chifukwa ndalama ya wokonza imatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa yatsopano. Ku Limbe ndi ku Ndirande kuli anyamata osintha ma transistor, ena amakulunganso koyilo ya wufa ndi manja n'kuimbanso. Ndaonanso m'nyumba za m'maesiteti ampu ya galimoto ikuimba ndi batire ya sola, magetsi a ESCOM azime asazime. Luso limenelo anzanga a kuno alibe. Inunso a m'nyumbanu ikani fyuzi pa batirepo, shoti siisankha kuti iyi ndi nyumba.

Chinthu chimodzi chomwe kuno amachiona ngati chosafunika koma kwathu musachisiye: kachingwe kokhala ndi kotsitsira besi pafupi ndi dalaivala. Ku Joni taxi imadutsa paliponse ikugunda, palibe wocheuka. Kwathu ukaona masamba pamsewu umadziwa kuti pali zovuta, ndipo sungadutse pamaliro magalasi akunjenjemera. Mumanyamulanso azigogo opita kuchipatala pa boma ndi amayi obereka makanda, ndiye dzanja lizifika msanga potsitsira.

Amene akufunabe kundituma, anditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa wailesi yake, nambala ya ampu ngati ali nayo kale, ndi muyeso wa malo amene bokosi lidzakhale. Pa ndalamayo muwerengeretu waya, fyuzi ndi mita, ndipo ikapanda kukwana ndichepetsa wufa.