Galu wa Agogo Akwera Basi

Galu wa kumudzi amayenda ndi miyendo yake. Amatsagana ndi mbuye wake kumunda, kudimba ndi kuuzimba, ndipo galimoto amaidziŵa monga chinthu chochiuwa chikamadutsa patali. Nchifukwa chake agogo ena aamuna a m'mudzi wa kufupi ndi phiri la Dedza adasoŵa tulo pamene mwana wawo adatumiza mawu oti asamukire ku Lilongwe. Maso awo adali atayamba kuchita khungu, ndipo khasu lidali litawalemera. Kusamukako adavomera, koma adafunsa funso limodzi: nanga galu?

Galuyo dzina lake lidali Asiyeni. Kwa zaka zinayi adalondera nkhokwe usiku ndi kupirikitsa anyani m'munda masana. Anansi onse adakana kumtenga, pakuti aliyense adali ndi pakamwa pokwanira podyetsa. Galu wopanda mwini amakhalira kutola za kudzala, ana amamgenda, ndipo mathero ake sakhala abwino. Tsono mdzukulu wawo wa m'Sitandade 5, amene ankakhala nawo, adati, "Agogo, tikwere naye basi."

Mwezi umodzi ulendo usanachitike, aŵiriwo adapita ndi galu kwa mlangizi wa ziŵeto. Iye adambaya katemera wa chiwewe nalemba tsiku lake pa kadi. Adawalangizanso kuti m'maŵa wa tsiku la ulendo asampatse nsima koma madzi okha, ndi kuti ayambe ayenda naye kuti adzithandize asanakwere. Adaonetsa mnyamatayo kamangidwe ka kansalu pakamwa pa galu, nanena kuti azikamasula galuyo akangokhazikika, chifukwa galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma ŵefuŵefu.

Tsiku la ulendo adalaŵirira kupita ku msewu waukulu. Agogo adanyamula ndodo ndi thumba la mbatata, mnyamata adagwira chingwe cha galu ndi chiguduli chimene Asiyeni ankagonapo pakhonde. Minibasi yoyamba idaima, koma kondakitala atangoona galu adatseka chitseko. Yachiŵiri sidaime nkomwe. Dzuŵa litakwera padafika basi yaikulu.

"Pepani bambo, galu uyu tili naye pa ulendo," adatero agogo, chipeŵa chili m'manja.

Kondakitala asanayankhe, mayi wina amene adakhala pafupi ndi chitseko adakweza mawu. "Iyayi! Muno muli ana. Mwana wa mchemwali wanga adafa ndi chiwewe, chilonda chake chaching'ono ngati chokandidwa ndi minga."

M'basi monse mudati zii. Mayiyo sadali wovuta mtima, ndipo mantha ake adali ndi chifukwa. Chiwewe chimayamba ndi kachilombo kokhala m'malovu a nyama yodwala. Kakaloŵa pa bala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo, ndipo zizindikiro zikaoneka wodwalayo sachira. Pafupifupi anthu onse amene amafa ndi nthendayi amaitenga kwa agalu, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Koma munthu wolumidwa angathe kupulumuka ngati atsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nathamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera. Katemerayu adayamba ndi Louis Pasteur wa ku France, amene m'chaka cha 1885 adapulumutsa Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu wachiwewe. Njira yoposa zonse ndiyo kutemera agalu eniakewo. Akatswiri amati agalu 7 mwa agalu 10 alionse akatemeredwa, nthendayi imaleka kufalikira. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies lidatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre.

Agogo sadatsutsane naye mayiyo. Adapisa m'thumba la jekete natulutsa kadi ija, naipereka ndi manja aŵiri. "Mayi, ine maso adatha. Tandiŵerengerani inuyo zimene zalembedwapo."

Mayiyo adaŵerenga tsiku la katemera mokweza kuti onse amve. Adayang'ana galu, nayang'ana mnyamata, kenaka adati, "Akakhale kumbuyo, ndipo chingwe chisachoke m'manja." Kondakitala adalipiritsa galuyo monga katundu, ulendo nuyambika.

Kukwera kokha kudali ntchito. Asiyeni adauma miyendo pa chitseko, kotero kuti mnyamata adachita kumnyamula ngati mbuzi. Atafika pa mpando wa kumbuyo adayala chiguduli chija pansi, galu nagonapo, mchira uli pakati pa miyendo. Injini italira thupi lake lonse lidayamba kunjenjemera. Makutu a galu amamva mawu amene munthu sangamve, ndipo mphuno yake imanunkhiza koposa yathu kutalitali. Taganizani tsono zimene adakumana nazo m'menemo: utsi wa dizilo, usipa wa m'dengu, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi anthu ambiri osawadziŵa. Chinthu chimodzi chokha chidali ndi fungo la kwawo, ndicho chiguduli. Galu adabisa mphuno yake m'menemo, ndipo mnyamata adammasula kansalu kaja namsisita pakhosi.

Atapitirira Linthipe padabuka vuto lina. Malovu adayamba kuchucha m'kamwa mwa galu, ndipo bambo wina atawaona adakweza miyendo yake pa mpando. "Taonani dovu! Ameneyu ngwachiwewe!"

Anthu adayamba kusunthira kutsogolo. Mnyamata adagwiritsa chingwe, mtima uli phaphapha, pakuti adadziŵa kuti akawatsitsa pamenepo sadzapezanso basi ina yowalola. Koma amene adayankha ndi mayi uja. "Khalani pansi, bambo. Kodi mwana wanu sadachitepo mseru m'galimoto?"

Adanena zoona. M'kati mwa khutu, la munthu ndi la galu lomwe, muli kachiwalo kamene kamauza thupi ngati laima kapena likuyenda. Basi ikamagwedezeka, khutu limati thupi likuyenda pamene maso akuona mipando ili chiimire, ndipo kusagwirizana kumeneku kumadzetsa mseru ndi malovu. Apa mpamene malangizo a kusampatsa nsima adaonetsa phindu lake, chifukwa galu wokhuta akadasanza pa mapazi a anthu.

Agogo adathira madzi m'kambale, Asiyeni nakhathira pang'ono. Bambo uja adatsitsa miyendo nati, "Wamwa madzi, ndiye kuti ali bwino." Anthu ambiri amaganiza chomwecho, koma nkulakwa. Kuopa madzi ndi chizindikiro cha munthu wodwala chiwewe, pamene galu wachiwewe nthaŵi zina amamwa madzi. Galu wolusa popanda chifukwa, woluma mitengo ndi miyala, kapena wofooka nsagwada, ngwofunika kumthaŵa ngakhale atamwa mtsuko wonse.

Pa Nathenje basi idaima kanthaŵi. Ogulitsa malonda adazinga mazenera, ndipo mwana wina wa pa mpando wa patsogolo adafuna kuponyera galu chidutswa cha mandasi. Mnyamata adamletsa mwaulemu. Pofika apa Asiyeni adali ataleka kunjenjemera. Adatsamiritsa mutu pa phazi la agogo, maso ali otseka, khutu limodzi lili chiimire.

Mtunda wa pakati pa Dedza ndi Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, koma kwa mnyamatayo udatalika ngati ulendo wa tsiku lonse. Pa depoti adadikira kuti anthu onse atsike, iwo natsika pomalizira. Galu atagunda pansi adadzandira, nadzikutumula, nayamba kununkhiza fumbi la mu mzinda. Mwana wa agogo adali akuwadikira, ndipo adati akwere minibasi ya ku Kawale.

"Iyayi mwanawe, kwa lero zakwana," adatero agogo. "Katunduyu kwera naye iwe. Ife atatu tiyenda pansi."

Kunyumba yatsopanoyo Asiyeni adammangirira pa mtengo wa mango kwa masiku angapo, kuopa kuti angayambe kufunafuna njira ya ku Dedza. Chiguduli chija adamuyalira pakhonde, ndipo kadi ya katemera agogo adaisunga m'Baibulo mwawo.