Msana ndi Tebulo Lozondotsa

Msana ndiwo mzati wa thupi. Mzati ukafumbwa denga limapendekeka, ndipo munthu wodwala msana ngakhale kumanga zingwe za nsapato imakhala ntchito yaikulu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana.

Pakati pa mafupa a msana pali tizinthu tofewa tonga mphira, timene timateteza mafupawo kuti asakhulane. Munthu akamayenda kapena kukhala tsonga, kulemera kwa thupi kumatipsinja. N'chifukwa chake mamawa amakhala wamtali pang'ono kusiyana ndi madzulo. Kamodzi kakatumphuka n'kukanikiza mtsempha, ululu umatsika mpaka kumwendo.

Nzeru yozondotsa wodwala ndi yakalekale. Zaka zoposa 2,000 zapitazo, Hippocrates, sing'anga wa ku Greece, anafotokoza za kumangirira wodwala pa makwerero, mutu pansi. Tebulo lozondotsa, limene linatchuka ku America m'zaka za m'ma 1980, linachokera m'ganizo lomwelo. Munthu amagonapo chagada, akakolo ali omangidwa, kenaka tebulo limapendekeka kuti thupi lidzikoke lokha, mafupa atalikirane pang'ono.

Mkulu wina amene anayendetsa malole kwa zaka zambiri analandira tebulo lotere kuchokera kwa mwana wake wokhala ku Johannesburg. Iye anafuna kukwerapo tsiku lomwelo, koma mkazi wake anamuletsa. "Bambo," anatero mayiyo, "safunsa anadya phula. Kaonaneni ndi adokotala kaye." Mkuluyo ananyinyirika, komabe anapita. Dokotala anamuyeza kuthamanga kwa magazi ndi maso omwe, ndipo atapeza kuti zonse zili bwino anamulola, namulangiza kuti ayambe ndi kupendekeka pang'ono, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, wina ali pambali.

Masiku oyamba mkuluyo anasangalala ngati wapulumuka. Akatsika patebulopo msana unkapepuka, ndipo tulo tinkabwera. Koma akakhalitsa pampando, ululu unkabwerera ngati mlendo wodziwa njira. Apa m'pamene anazindikira kuti tebulo limapumitsa msana, koma siliulimbitsa. Anayamba kuyenda ndawala m'mamawa, kunyamula katundu atapinda mawondo, ndi kuchita masewera olimbitsa minofu amene anamuphunzitsa kuchipatala.

Chiyeso chachikulu chinadza pamene mnzake wapamtima anadzabwereka tebulolo. Mnzakeyo ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mkulu uja anamukaniza, ndipo anthu anamunena kuti ndi woumira. Chikhalirecho anamuchitira chifundo, pakuti munthu akazondoka magazi amathamangira kumutu, kuthamanga kwake kumakwera, ndipo m'maso mumapanikizika. Odwala mtima, a matenda a maso otchedwa glaucoma ndiponso amayi oyembekezera sayenera kuyesa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Akatswiri nawonso salonjeza zambiri. Kafukufuku wa ku Newcastle, m'dziko la England, amene anafalitsidwa mu 2012, anaonetsa kuti ambiri mwa odwala amene anazondotsedwa sanafunikenso opaleshoni. Koma odwalawo sanakwane ndi 30 omwe, ndipo ankalandiranso chithandizo cha masewera olimbitsa thupi. Umboni woterewu ndi wochepa kuti munthu aikepo moyo wake wonse.

Wachinyamata amaona ngati nkhani ya msana ndi ya okalamba. Koma msana umene udzasenze ukalamba ndi womwewo umene lero wawerama padesiki ndi kusenza thumba la chimanga. Wousamala akadali ndi mphamvu sadzasowa kuyang'ana dziko chozondoka kuti apeze tulo.