Chipala cha m'mimba

Malungo adandigwira pa Mwanza, nditapita kukalemba za madalaivala amene amachezera usiku pachipata podikira kuolokera ku Zobue. Nkhaniyo sindidailembe ayi. Ndidathera pamphasa kwa amalume, mano akugogoda, kunja amayi akuitanira malonda a manachesi ngati palibe amene akufa.

Masiku awiri m'mbuyo mwake ndidali nditagula kabotolo kwa mnyamata wina wapamsewu. Kadali ndi zilembo za Chitchaina ndi chithunzi cha nyalugwe. Iye adati ndi mankhwala obwezera mphamvu. Ine, munthu wa dipuloma yanga, ndidapereka ndalama ya chakudya cha sabata yonse.

"Mwana iwe," adatero amalume atakapeza m'thumba, "mphamvu imene ukugulayi udaitaya kuti?"

Ndidasowa choyankha. Ndidali nditaitaya m'mabala, m'ndudu, ndi m'kulemba mpaka tambala woyamba, mimba ili pululu.

Kuchipatala adandipatsa LA. Nditachira ndidayamba kufufuza, ndipo ndidapeza zodabwitsa: kabotolo kamene kadandinyenga ndi mbulu umene udandipulumutsa, zonse zimaloza ku China.

Asing'anga akale a kumeneko ankati munthu ali ndi chuma chitatu. Choyamba ndi jing, mbewu ya moyo imene timalandira kwa makolo, yosungidwa mu impso. Chachiwiri ndi qi, mpweya woyenda m'thupi monga madzi m'ngalande za kudimba. Ukatsekeka, munthu wadwala. Chachitatu ndi shen, kuwala kwa maganizo kokhala mumtima. Jing ili ngati chimanga cha m'nkhokwe: ukamangotapa osaganiza, njala ikupeza mvula isanagwe.

Ankanenanso za yin ndi yang, kuzizira ndi kutentha, zoyenera kulingana. Apa ndidaseka ndekha. Kodi agogo aja sankaletsa munthu "wotentha" kunyamula khanda poopa tsempho? Sindikuti nzeru ziwirizi nzofanana, koma agogo akadakumana ndi sing'anga wa ku China akadachezerana mpaka usiku.

Ena mwa otsatira Dao adafuna zoposa thanzi: adafuna moyo wosatha. Ankaphika miyala m'ng'anjo, makamaka mwala wofiira wa cinnabar, umene uli ndi poizoni wa mercury. Mafumu angapo a nthawi ya Tang adamwa zimenezi nafa. Mmodzi ndi Wuzong, amene adamwalira m'chaka cha 846 asanakwanitse zaka 32. Msinkhu wangawu, abale.

Ena adati ng'anjo yeniyeni siili panja, ili m'thupi. Njira yawo ndiyo neidan. Munthu amakhala phee, kupuma pang'onopang'ono, maganizo ali pamalo otchedwa dantian, m'munsi mwa mchombo. Pamenepo jing imasulidwa kukhala qi, qi kukhala shen, shen nkubwerera kumene zonse zidachokera. Makolo athu ankati m'mimba ndi m'chipala, ponena za ana a bere limodzi osiyana mitima. Anthu awa mwambiwo akadautenga momwe ulili: chipala chilimodi, ndipo wosula ndiwe mwini.

Tisanamizane. Palibe makina amene adaonapo qi, ndipo palibe amene adazemba manda chifukwa chopuma bwino. Malungo sachoka ndi kusinkhasinkha. Tsono LA adachokera kuti?

Ge Hong, yemwe adakhala m'zaka za m'ma 300, adali mmodzi wa ofunafuna moyo wosatha aja. Koma adalembanso kabuku ka mankhwala a pangozi, momwe adalangiza odwala malungo kuviika chitsamba cha qinghao m'madzi, kuchifinya ndi kumwa. Sadanene zowiritsa. M'chaka cha 1971, mayi wasayansi Tu Youyou, atawerenga malangizowo, adaganiza kuti mwina moto ndiwo unkaononga mankhwalawo. Adayesa njira yosatentha kwambiri, zidatheka. Umu ndi momwe artemisinin adapezekera. Mayiyo adalandira mphoto ya Nobel mu 2015, ndipo ife kuno tidayamba kumwa LA mu 2007, Fansidar atayamba kugonja.

Taonani tsono. Zazikulu zimene Ge Hong ankalota zidapita ndi mphepo. Chidatsala ndi tsamba lowawa, ndipo nalonso lidayenera kuyesedwa kaye lisanafike pa Mwanza. Kabotolo kanga kaja adakayesa ndani?

Sindidasanduke wotsatira Dao. Ndudu ndidasiya, mowa ndikulimbana nawobe. Koma m'mawa uliwonse ndimakhala pakhonde mphindi khumi, dzanja pamchombo, kumvetsera mpweya wanga, kuwerenga zimene zatsala m'nkhokwe.

Tsiku lonyamuka ndidafunsa: "Amalume, kabotolo kaja mudakaika kuti?"

Adaloza kuchimbudzi ndi mlomo, nkundipatsira manachesi asanu.

"Idya awa. Ukafika ku Blantyre uzikagona msanga."