Tayala la pa Muloza ndi injini ya bambo

Anzanga akugombe, ndalemba zambiri, koma werengani mpaka pansi.

Sabata yatha ndinatenga matumba a usipa kupita nawo ku Muloza, kumene ogula ena amachokera ku Milange, tsidya la Mozambique. Titangodutsa pa Limbuli, tayala la lole yomwe tinakwera linaphulika. Dalaivala ndi mnyamata wake analimbana ndi manati mpaka thukuta kamukamu, osamasuka. Ine mtima uli pa usipa, chifukwa mvula ya ku Mulanje sichenjeza, ndipo usipa ukanyowa mukudziwa kale, mpamba wapita.

Kenaka panaima mayi wina wa kabaza wa njinga yamoto. Anamasula chipaipi chomwe anamangirira kumbuyo, n'kuchilowetsa ku sipanala. Ine ndi kamwa langali ndinati, "Mayi, muthyoka msana." Osandiyang'ana n'komwe anati, "Achimwene, gwirani jekeyo, pakamwa papume." Anaponda paipiyo, nati yoyamba inalira. Mvula isanagwe tinali titanyamuka.

Usiku ndikufotokozera mnzanga wa pamsikapo, iye anandionetsa vidiyo pafoni. Ku America kuli mpikisano wa magalimoto wotchedwa NASCAR. Galimoto ikaima pakati pa mpikisano, anthu amalumpha kakhoma n'kusintha matayala onse anayi masekondi 15 asanakwane. Mmodzi mwa iwo anali Brehanna Daniels, mtsikana wakuda yemwe ankasewera basketball ku Norfolk State University. Mu 2017 anakhala mkazi woyamba wakuda kugwira ntchitoyi pa mipikisano ikuluikulu ya NASCAR, ndipo mu 2019 anasintha matayala pa Daytona 500, mpikisano wawo waukulu kwambiri. Sikuti anamuchitira chifundo ayi. Anamuyesa liwiro ndi mphamvu, n'kupambana.

Ndinalephera kugona, aise. Ndimaganiza za mlongo wanga.

Ambiri mumamudziwa. Injini ya boti la bambo ikakana kulira, amene amatsuka pulagi ndi kabuleta ndi iyeyo. Amangomva kaliridwe n'kukuuzani kuti mafuta alowa madzi. Koma dzuwa likamalowa, alovi akukweza chilimira, iye amatsala pamchenga kudikira kukayanika usipa pathandala. Bambo amati mkazi akakwera boti nsomba zimathawa. Nanga zathawa zaka zonsezi, wakwera ndani?

Ndipo botilo akuti adzasiyira ine, ine amene mwera ukangoyamba ndimasanza mpaka alovi kundiseka. Sindinayambe ndatsutsapo, chifukwa zimandikomera.

M'mawa mwake ndinawaimbira bambo. Ndinati, "Bambo, nanga achemwali atayesako ulendo umodzi wokha, agwire injini?" Anakhala chete nthawi yaitali, ine n'kumaganiza kuti mayunitsi atha. Kenaka anangofunsa kuti usipa ukugulidwa bwanji ku Mulozako.

Sanavomere, koma foni sanadule. Loweruka ndikubwera, ndipo nkhaniyi ndikaiyambanso pamaso pa amalume.